Kafupa ka Pansi pa Nsambo

Alamu anga, mlongo wamkulu wa amuna anga, anandipeza ndikuyanika zofunda pachingwe. Anachoka kwawo ku Msakambewa m'mawa panjinga yamoto, ndipo anafika fumbi lili mbuu mpaka m'nsidze. Anamwa madzi, analowa m'nyumba kukaona wodwala, anakhalamo pang'ono, kenako anatuluka n'kundiuza chimene anadzera. Kwawo anali atakambirana. Pakatha masabata atatu, Loweruka, adzabwera ndi atsibweni awo pagalimoto kudzamutenga mlongo wawo.

"Munthu akadwala chonchi amapita kwa abale ake, alamu. Mwambo mukuudziwa inunso."

Ndinkaudziwa. Amuna anga anali mkamwini kwathu kuno, kufupi ndi Kasakula. Anakhala pamudzi pano zaka zambirimbiri, anamanga nyumba ya malata, anabzala bulugama kuseri, anaphunzitsa theka la mudzi uno kuwerenga, koma pamwambo anali adakali munthu wobwera. Mkamwini akagona osadzuka eni ake amabwera kudzamunyamula, kuti ngati ili imfa ikamupezere m'manja mwa abale ake, pasadzakhale kulozana zala. Ndinayankha kuti ndamva. Ndinapitiriza kuyanika, chifukwa bulangete linali likudontha.

Sitiroko inawagwira miyezi isanu m'mbuyo mwake, ali m'chigafa kusoka fodya. Mbali yonse ya kumanja inafa, mkono ndi mwendo, ndipo mawu anapita nawo limodzi. Munthu amene ankatontholetsa kwaya yonse ya kutchalitchi kwathu ndi chala chimodzi, wolongolola m'kalasi ndi kunyumba komwe, anatsala ndi maso ndi kubuula. Nzeru zinalipo, ankamva zonse. Ana athu ali kutauni ndi mabanja awo. Ankabwera, n'kulira, n'kubwerera. Ine ndinkawadzutsa bambowo, kuwasambitsa, kuwatembenuza, kuwanyamula kupita nawo kuchimbudzi, kuchapa, kuwadyetsa, kenako n'kukhala pamakina kusoka mayunifolomu a ana a sukulu mpaka atagogoda ndodo pansi kundiitana. Anthu ankati, "Amayi inu ndinu olimba mtima." Sikunali kulimba kumeneko. Munthu ukakhalira mwendo nthawi yaitali umachita dzanzi, ngakhale akutsine sumva. Ndinali choncho thupi lonse, ndi m'kati momwe. Sindinkalira, sindinkaseka, ndipo chakudya chilichonse chinkakoma mofanana.

Ndiye ndisaname kuti chimene chinandidzutsa alamu atachoka chinali chikondi chokha. Anali makani. Ine makani ndinabadwa nawo, amayi anga ankati ndinayamba kukana ndisanadziwe n'kukwawa komwe. Ndinkawamva kale azimayi a pamjigo akunong'onezana kuti zamukanika uja, abale a mwamuna achita kudzalanda. Ndinkaonanso m'maganizo bedi lawo lopanda munthu, ndipo ngakhale mtima unali wadzanzi, pokhapo unkalasa pang'ono. Mwana wathu wamkazi anaimba foni n'kunena kuti, "Amayi, aloleni azakhali awatenge, inunso ndinu munthu." Ndinamufunsa ngati anaimbira kudzandiphunzitsa ukwati, ndipo ndinadula. Ndinatsimikiza kuti bambowo sapita. Koma mwambo suukana ndi pakamwa. Njira inali imodzi yokha, yoti atsibweni adzaone ndi maso awo kuti munthuyu sali panjira ya kumanda, akuchira, ndipo akuchirira m'manja mwanga.

Vuto linali loti ndidzawaonetsa chiyani. Kuyenda sankayenda, kulankhula sankalankhula.

Ndinachipeza Lachitatu masana. Tchalitchi chathu chili pafupi, ndipo a kwaya akamaphunzira nyimbo timawamva tili pakhonde. Ndinali nditawatulutsa bambowo kuti awothere dzuwa, ndipo ndinaona zala za dzanja lawo lamanzere zikuyenda pa thabwa la mpando, kukanikiza, kusuntha, kukanikizanso, motsatira nyimbo. Dzanja limenelo linali lamoyo ndipo silinaiwale gitala yawo. Pagitala dzanja lamanzere ndi limene limagwira nsambo kukhosi, lamanja limangoliza. Ndinati ngati ndi kuliza kokha, dzanja lamanja ndili nalo ine.

Gitala imeneyo ine sindinkaikonda, ndinene. Zaka zonse ndinkaitcha mkazi wamng'ono, chifukwa nthawi yopalira ikafika bambowo ankapezeka ali nayo kutchalitchi, ine ndili ndekha ndi khasu. Sindinaigwirepo kupatula poisuntha ndikamasesa. Inali pamwamba pa kabati, yokulungidwa m'chitenje changa chakale. Ndinaipukuta, ndinaiika pamiyendo pawo, ndinakhala kumanja kwawo pakampando, mkono wanga utadutsa pamwamba pa mkono wawo wakufawo. Iwo anapotokola timakutu tokungira nsambo, ine ndikuliza imodziimodzi, mpaka anagwedeza mutu. Tinayamba nyimbo ina ya m'buku la kutchalitchi. Poyamba zinayenda, ngakhale ine ndinkathamanga. Koma dzanja lawo litangotsika khosi kubwera cha kumimba kwa gitala, anakwinya nkhope n'kuima. Tinayambiranso. Pomwepo anaimanso. Kachitatu anaikankha gitalayo, moti ikanagwa ndikanapanda kuiwakha.

"Nanga n'chiyaninso, bambo? Ndine ndikulakwitsa?"

Anapukusa mutu. Anatambasula dzanja n'kugogoda pa kanthu koyera, kopyapyala, kotalika ngati chala, kamene kamakhala chilili m'kamphako kake pamimba pa gitala, pamene nsambo zonse zisanu n'imodzi zimatsamira. Ndinakumbukira kuti asanadwale ankadandaula kuti kamtsamiro kameneka katha, n'kapulasitiki, kafunika kusema ka fupa. Ankangoti adzachita fodya akatha.

Ine khutu langa silinamve cholakwika chilichonse, ndiye anandiphunzitsa. Anandilozera kuti ndilize nsambo imodzi iwo osaigwira. Kenako anaikanikiza pakati penipeni, pamene pakhosi pali madontho awiri oyera, ndipo ndinalizanso. Liwu lachiwirilo liyenera kukhala lomwe lija, kungoti lakwera, monga zimakhalira amayi ndi abambo akamaimba mzere umodzi. Tinabwereza mwina kakhumi ndisanamve. Linkapitirira pang'ono, ngati mayi wa m'kwaya amene amakweza kuposa anzake iye osadziwa. Pang'ono zedi. Alamu ndi atsibweni sakanamva n'komwe. Ndinawauza zimenezo, kuti bambo inu, anthu akubwerawo si oimba, tiyeni tingoimba basi. Anayang'ana kumbali. Anali atalola kuti ndiziwapukuta ngati khanda, koma kuimba mophonya pamaso pa anthu, ayi ndithu.

Ndinamasula nsambo n'kuzula kamtsamiroko ndi pulayala ya m'dirowa ya makina. Kanali katasanduka kachikasu, nsambo zitakadya mpaka kukumba timaenje, ndipo kanali katapendekera kukhosi. Tsiku la msika ndinapita ku Kasakula kwa bambo wina wogulitsa nyama ya ng'ombe. Ndinati ndikufuna fupa la mwendo, la pansi pa bondo, lopanda nyama.

"Aa, amayi, zafika pamenepo kunyumba? Dikirani ndikuikireniko kamnofu."

"Ndikafuna mnofu ndidzanena. Ndipatseni fupa."

Ndinaliphika nthawi yaitali, kutaya madzi n'kuthira ena, komaliza ndi soda, mpaka mafuta onse anatuluka. Ndinaliyanika padenga la chigafa kuopa agalu. Wokonza njinga anandibwereka tupa ndi sowo yodulira zitsulo. Fupa likamadulidwa limanunkha ngati tsitsi lopserera, ndipo fumbi lake likalowa m'mphuno silituluka msanga. Ndinkadulira pakhonde, bambowo ali pampando kuyang'ana, ndipo ndikapotoka ankagogoda ndodo. Manja anga ndi a telala, muyeso ndimaudziwa. Ndinaika kakale kaja pamwamba pa fupa n'kulemba ndi pensulo monga ndimachitira podula kolala.

Pamene ndinalakwitsa ndi pansi pake. Kamtsamiro kameneka pansi pake payenera kukhala powongoka kuti kakhazikike ponseponse. Ine ndinaganiza za mwala wathu wonolera, umene uli kuseri kwa khitchini, pamene takhala tikunolera zikwakwa, mipeni ndi nkhwangwa chikwatiranireni. Pakhomo pano chilichonse chofuna kupala chimapita pamwala umenewo, ndiye sindinafunse munthu. Ndinapita kuseriko, kumene bambowo sankandiona, ndipo ndinakwecha masiku awiri. Nditakaika pagitala kankagwedera ngati tebulo la mwendo umodzi waufupi. Ndinati mwina sindinamalize, n'kubwereranso kumwala. Kanagwederabe. Ndinakwechanso, ndinakwechanso, mpaka kanafupika kwambiri moti nsambo zinagona pa tizitsulo ta pakhosi, ukaliza n'kumangoti njerenjere.

Bambowo anandilozera kuti ndiwaonetse pamene ndinkagwirira ntchito. M'malo mowanyamula mpaka kuseri, ndinagubuduza mwalawo kubwera nawo pakhonde. Analoza rula yanga yathabwa. Nditaigoneka pamwalapo, pakati panatsala mpata woti chala n'kulowa. Zikwakwa za zaka zonse zija zinali zitaukumba mwalawo ngati mbale, ndipo ine ndinkafuna kuwongolera fupa pa chinthu chokhota.

Panali patatsala masiku asanu ndi atatu. Ndinatola kafupako n'kukaponya m'munda wa mbatata, kenako ndinawatembenukira.

"Nanga osandiuza bwanji? Mwangokhala duu masiku onsewa! Pakamwa mulibe kodi?"

Mawuwo ndinawamva atatuluka kale. Iwo anandiyang'ana, milomo ikuyenda kufuna kuumba liwu, osatheka. Malovu anatsikira pachibwano. Ndinatenga kansalu n'kuwapukuta, monga ndinkachitira tsiku lililonse. Ndinadikira kuti manyazi andigwire, kapena chisoni, koma tsiku limenelo sizinabwere. Zinadzabwera patapita chaka, ndili m'minibasi yopita kuboma, ndipo mpaka lero sizinachoke. Tsikulo ndinangopita kukatenga fupa lotsala n'kuyambanso kulemba ndi pensulo.

Ulendo wachiwiri ndinazula galasi limodzi la pawindo la chipinda cha ana, ndinaligoneka patebulo la makina, n'kuyala sandipepala pamwamba pake. Ndinkakwecha kasanu n'kuwapatsa kuti aone. Ankakaimika pagalasi n'kusuzumira ngati kuwala kukudutsa pansi, kenako n'kundibwezera. Mmawa wa tsiku lachitatu kanalowa m'kamphako mothina bwino, osagwedera.

Ntchito yeniyeni inali pamwamba pake. Pamenepo pamasongoka ngati msana wa mzere wa m'munda, ndipo nsambo iliyonse imafuna msanawo ukhale pamalo akeake. Liwu la pa madontho awiri likapitirira, msana uyenera kusunthira kumbuyo kuti nsambo italikeko. Likaperewera, usunthire kutsogolo. Kusunthako n'kochepa ngati ulusi wosokera. Ndiye tinkakunga nsambo, ine kuliza, iwo kukanikiza n'kumvetsera ali chitsinzinire. Kenako chala chawo chachikulu chinkaloza kumbuyo kapena kutsogolo. Ndimasule nsambo, ndizule kafupa, ndipale ndi tupa kawiri katatu, ndibwezere, tikungenso. Nsambo zapadera tinalibe, ndipo nthawi iliyonse pokunga yaing'ono kwambiri ija ndinkaika nkhope kumbali kuopa kuti iduka. Yachiwiri kuchokera pansi inatidyera tsiku lathunthu yokha. Inkafuna msana wake kumbuyo kwambiri kuposa zinzake, mpaka ndinaitukwana mawu amene mkazi wa chigwirizano cha amayi kutchalitchi sayenera kuwadziwa. Bambowo anaseka ndi theka la kamwa.

Mayunifolomu a eni ake anaunjikana osasokedwa. Mayi wina anabwera kawiri kudzafunsa diresi la mwana wake, kachiwiriko anandipeza ndili mbuu ndi fumbi la fupa, tupa m'manja, ndipo anabwerera osafunsa. Ndikuganiza kuti anakauza anzake kuti mutu wanga wayamba kusokonekera. Ndikayang'ana m'mbuyo tsopano, chidwalireni ine ndi amuna anga sitinachezepo ngati masiku amenewo. Ndinkadziwa tanthauzo la nsidze iliyonse. Koma panthawiyo sindinazione zimenezo, ndinkangowerenga masiku otsala.

Lachinayi masana nsambo zonse zinagwirizana. Anakanikiza pa madontho awiri imodziimodzi, ine ndikuliza, ndipo chala chija sichinaloze kulikonse. Anangotsitsa dzanja n'kupuma mozama. Lachisanu tinaphunzira nyimbo tsiku lonse, iwo akumenya phazi lamanzere pansi kuti ndisathamange. Chala changa chachikulu chinatuluka thuza, ndinaliboola ndi singano n'kupitiriza.

Loweruka anafika dzuwa lili paliwombo, pa pikapu, kumbuyo atayala matiresi atsopano ali m'pulasitiki mwake. Atsibweni anali nkhalamba yaitali yovala chipewa. Achimwene anga, eni mbumba kuno, anabwera kudzakhala nawo pa zokambirana. Bambowo ndinali nditawameta ndevu n'kuwaveka shati yoyera. Malonje atatha, atsibweni akukonza kukhosi kuti ayambe nkhani, ine ndinadzuka, zimene mkazi sachita pabwalo lotero, ndipo ndinakatenga gitala. Achimwene anandiponyera diso loti khala pansi. Sindinaliyang'ane kachiwiri.

"Pepani atsibweni, musanayambe, eni akewa anenepo kaye."

Tinaimba. Ine ndinkaliza motsatira phazi lawo. Dzanja lawo linatsika khosi lonse mpaka kupitirira madontho awiri aja, ndipo liwu lililonse linagwa pamalo pake. Pa ndime yachitatu ndinamva kung'ung'udza pafupi ndi khutu langa. Mawu sanatuluke, koma nyimbo inatuluka, ndi besi yawo yomwe ija. Anthu odutsa pamsewu anaima, ena anafika mpaka pampanda. Atsibweni anavula chipewa n'kuchiika pabondo. Titamaliza atsibweniwo anati, "Munthuyu tikamuchotsa pano tichimwa. Akhale. Ife tizibwera kudzamuona." Achimwene anga anaomba m'manja mwaulemu. Ine mumtima munangobwera mawu amodzi, akuti ndawaonetsa.

Alendo atadya, alamu ananditsatira kuseri kukandithandiza kutsuka mbale. Anatsuka ziwiri zitatu. Kenako anayamba, maso ali m'beseni.

"Alamu, mwachita zazikulu. Koma ndikuuzeni zoona, ine za mwambo ndinangonamizira. Atsibweni sankafuna n'kubwera komwe, ndinachita kuwakakamiza. Ulendo uliwonse ndikabwera ndimakupezani mwachepa, mukuyenda mutagwira msana. Ndinakonza chipinda kwathu, ndinauza ana anga aakazi awiri kuti tizisinthana atatu. Ndimati inu mugoneko tulo miyezi iwiri itatu, muzibwera kudzacheza ngati mkazi wake, osati ngati nesi. Koma ndimakudziwani. Ndikanati mwatopa, mukanandithamangitsa ndi chikuni. Ndiye ndinati mwambo, kuti musachite manyazi polola."

Ndinaima ndi mbale m'manja, madzi akutsikira m'zigongono. Galimoto inali idakali pabwalo, atsibweni anali asanakwere. Kukanatheka kunena kuti, alamu, ndatopa, atengeni masabata awiri okha. Mawuwo anafika pakhosi, ndinawamva ndithu. Koma mudzi wonse unali utamva nyimbo, atsibweni anali atavula chipewa, ndipo kafupako ndinasema ndine ndi manja angawa.

"Zikomo alamu," ndinatero. "Ine ndili bwinobwino."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anatenga mbale ina n'kupitiriza kutsuka.

Ananyamuka dzuwa litapendeka. Ndinawaperekeza mpaka pamsewu, ndipo ndinaima pamenepo kuyang'ana galimoto ikukwera chitunda cholowera ku Dowa, matiresi aja akudumphadumpha kumbuyo opanda wogonapo. Ndinena poyera, Mulungu andikhululukire, ndinawasirira matiresi amenewo. Ndinalakalaka ndikanakhala ine wogona pamenepo, wina aliyense andinyamule kupita nane kulikonse, andifunditse, asandifunse kanthu.

Amuna anga anakhala ndi moyo zaka zina zinayi. Alamu ankabwera kudzationa monga analonjezera, koma nkhani ya chipinda chija sanaiyambitsenso, ndipo ine sindinapemphe. M'zaka zinayi zimenezo sindinagonepo tulo mpaka kucha ngakhale kamodzi.